Za Mawotchi Akale, ndi Makwerero Opita ku Rolex

Masiku ano pamveka chiphunzitso china pakati pa anyamata athu, maka-maka iwo amene anatsiriza sukulu koma nchito sanaipeze, ndi aphunzitsi achinyamata amene malipiro ao amatha mwezi usanafike pakati. Chiphunzitsocho chadza ndi lamya za m'manja, m'zithunzi zoyenda zochokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo chitero: munthu wa ndalama zochepa agule wotchi yakale ya pamkono pa mtengo wotsika, aigulitse ndi phindu pang'ono, agule ina yoposa yoyambayo, nakwere chotero khwerero ndi khwerero kufikira tsiku limene adzavala Rolex kapena Omega. Nkhaniyi ikambidwa tsopano pa Songani ndi mumsika wa Zomba, ndipo alipo ena amene aganiza zokatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ikhale mpamba wao. Chifukwa chache tiyesa kuti nthawi yakwana yakuti chiphunzitsochi chiikidwe pa muyeso, monga tichita ndi nkhani imene mwana wa sukulu walemba, kuti tione pamene chinena zoona ndi pamene chibisa mau.

Sitilemba monga adani a mawotchi akale ai, pakuti tiwakonda. Ndipo tidziwanso chimene chikoka mitima ya anyamatawo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44, kotero kuti dola imene dzulo lache inagulidwa ndi K1,180, m'mawa mwache inafuna K1,700. Munthu woona ndalama yache irikusungunuka m'thumba monga mchere wovumbwa ndi mvula afuna kuisandutsa kanthu kogwirika; wina agula njerwa, wina mbuzi, wina malata. Tsono mnyamata akamva kuti mu October 2017, ku New York, wotchi imodzi ya Rolex imene inali ya Paul Newman, katswiri wa masewero a kanema, inagulidwa ndi madola 17.8 miliyoni, sitizizwa pomuona alikuyang'anitsitsa dzanja la nkhalamba iri yonse yodutsa pa mseu.

Tiyambe ndi pamene chiphunzitsochi chinena zoona: mawotchi akale m'dziko muno alimo, ndipo njira imene anadzera idziwika. Makolo athu nthawi anaiwerenga kumwamba ndi pabwalo, ndiko kuti tambala woyamba, nthanda, dzuwa la paliwombo, ndi kulowa kwa nkhuku. Ndipo ndalama zathu zomwe, zimene zinayamba mu 1971, zitchedwa kwacha ndi tambala. Belu linafika m'chigwa chino pamene Alexander Hetherwick anamanga pa Domasi mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia, ndipo kuyambira pomwepo mwana wochedwa anakhala ndi mlandu. Pambuyo pache ku Zomba kunamangidwa nsanja ya koloko, chikumbutso cha asilikari a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Koma nthawi imeneyo inali ya mwini belu ndi mwini nsanja. Wotchi ya pamkono ndiyo inapatsa munthu wamba nthawi yache-yache, ndipo mawotchi ochuluka otere anadza ndi amuna athu obwera ku Halale ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu a dziko lino oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974, nipha abale athu oposa 70, Dr. Banda analetsa ulendowo. Unatsegukanso mu 1977 pa dzina la TEBA, nutha mu 1988. Akulu-akulu akumbukira bwino matsikidwe a munthu wa ku Joni: bokosi la chitsulo pamutu pa mphwache, bulangete, wailesi, ndi dzanja la malaya lopindidwa pang'ono kuti wotchi ioneke.

Koma tikatsegula mabokosi amenewo lero, maina amene tipezamo kawiri-kawiri ndi Roamer, Oris, Seiko, Citizen, ndi ena onga awa. Omega ipezeka apa ndi apo, pakuti Zomba unali mudzi wa Boma kufikira 1975, ndipo akalaliki akulu ndi Azungu a Boma anasiya zina. Rolex yeni-yeni ndi mlendo wa kamodzi pa zaka zambiri. Chotero khwerero lotsiriza la makwererowo liri kutali, tsidya la nyanja, pamene mnyamata aimirira kuno ndi khwerero loyamba m'manja.

Tisanaweruze za mtengo, tiyeni titsegule chivundikiro cha kumbuyo tione chimene chigulidwacho, pakuti aphunzitsi a pa lamya afulumira kutchula madola osaonetsa makina. M'katimo muli kachitsulo kopyapyala, katali, kokulungidwa monga nkhata. Mwini wache akapotokola kamutu ka m'mbali, kachitsuloko kakungika, ndipo pofuna kumasuka kakankha timagudumu ta mano totsatana. Kakadamasuka konse nthawi imodzi. Koma pali kamphanda kamene kagwira dzino limodzi, nikalitaya, nikagwira linzache, molamulidwa ndi kagudumu kena kopita uku ndi uku pa kawaya kochepa ngati tsitsi. Ndiko kugunda kumene timva tikaika wotchi pa khutu. M'mawotchi ambiri a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kugundako kuchitika kasanu pa sekondi, ndiko 18,000 pa ora, ndiko 432,000 usana ndi usiku. Wotchi yotaya mphindi imodzi pa tsiku, imene mwini wache ainyoza, yalakwa kamodzi kokha pa 1,440. Ife amene tatha zaka tikuchonga masamu a ana sitinaone mwana wokhoza chotero. Umisiri umenewu uyenera ulemu, ndipo munthu amene aukonda sitimuyesa wopusa.

Pa nkhope ya wotchi palembedwa kawiri-kawiri chiwerengero cha timiyala, 17 kapena 21, ndipo ogulitsa ena ati ndi miyala ya mtengo wapatali. Si choncho ai. Ndi timiyala tofiira topangidwa ndi moto, monga mwa njira imene Auguste Verneuil wa ku France analengeza mu 1902, ndipo nchito yache ndiyo kuti nsonga za timagudumu zisadyeke pozungulira. Mutatichotsa tonse ndi kupita nato ku msika, simungagule nato ndi thumba la mchere lomwe.

Makina amenewa anagwa pa ufumu wao m'zaka zochepa. Pa 25 December 1969 a Seiko a ku Japan anayamba kugulitsa wotchi yotchedwa Astron, yoyendera batire ndi kamwala ka quartz, pa mtengo wa 450,000 yen, wofanana ndi wa galimoto laling'ono. Zisanathe zaka 15 wotchi ya batire inali ya mwana wa sukulu. Ku Switzerland anthu ogwira nchito ya mawotchi anali pafupi-fupi 90,000 mu 1970, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anatsala ngati 30,000. Kuno kwathu Roamer inalowa m'bokosi, Casio nikwera pa dzanja. Ndipo tinene poyera: Casio ya pulasitiki, monga F-91W ya mu 1989, isunga nthawi bwino koposa Rolex yakale iri yonse, ndipo lamya iposa zonse ziwiri. Wogula wotchi yakale tsono sagula nthawi. Agula zinthu zitatu: dzina, umisiri, ndi mbiri. Cholakwa chachikulu cha chiphunzitso cha makwerero ndi ichi, kuti chiika katundu yense pa dzina, limene mwa zitatuzo ndilo lokwera mtengo koposa poligula, ndiponso losabvuta koposa polinamizira.

Taonani mbiri ya dzina lalikululo. Hans Wilsdorf, mbadwa ya ku Germany, anayamba malonda ache ku London mu 1905, ndipo makina sanali kupanga yekha. Anali kugula kwa a Aegler a ku Bienne ndi kuwaika m'zigoba. Mu 1908 analembetsa dzina lakuti Rolex, lalifupi lokwana pa nkhope ya wotchi, losabvuta kutchula m'chinenero chiri chonse. Sitimnyoza ai. Chigoba chache cha mu 1926, chotchedwa Oyster, chotseka mopotokola kuti madzi ndi pfumbi zisalowe, chinali nzeru yeni-yeni, monganso makina a mu 1931 odzikunga okha ndi kugwedezeka kwa dzanja. Koma munthuyo anadziwanso kuomba ng'oma: mu 1927 anapatsa wotchi Mercedes Gleitze, mkazi wosambira m'nyanja ya pakati pa England ndi France, nagula tsamba loyamba la nyuzi ya Daily Mail kuti dziko limve. Mu 1946 iye yemweyo anakhazika kampani ya Tudor, yogulitsa mawotchi a chigoba cha Rolex ndi makina ogula kwina, pa mtengo wotsika. Ngakhale wotchi ya Paul Newman ija, makina ache anachokera kwa a Valjoux, amene anali kugulitsa makina a mtundu womwewo kwa a Heuer, a Enicar, ndi ena ambiri. Aphunzitsi a makwerero zimenezi azidziwa, koma aziuza ophunzira ao mwa changu, chifukwa zisonyeza kuti munthu wofuna umisiri akhoza kuupeza osakwera khwerero ndi limodzi lomwe.

Dzina linyenganso mwa njira ina, imene ikhudza mabokosi athu eni-eni. Lero Oris ndi wotchi ya mtengo, ndipo mnyamata akaona mtengo wache pa lamya, nakumbukira kuti agogo ache anasiya Oris, mtima uyamba kuthamanga. Koma kuyambira 1934 kufikira 1966 lamulo la ku Switzerland linaletsa kampani imeneyo kusintha mapangidwe a makina ache, ndipo inakhala irikupanga mawotchi otsika mtengo, a tizikhomo ta chitsulo pa kamphanda kaja m'malo mwa timiyala. Anali mawotchi abwino a munthu wa nchito, ndipo ndicho chifukwa chache anafika m'midzi yathu. Koma ndi Oris ya lero agwirizana dzina lokha.

Ndipo dzinalo ndi utoto chabe. Chigoba afunika mmisiri kuti achisule, makina afunika fakitale. Koma maina asanu kapena asanu ndi limodzi a zilembo pa nkhope alembedwa ndi munthu ali yense wa dzanja losanjenjemera. Pa intaneti padzala mawotchi ochokera ku India olembedwa Seiko, Oris, Favre-Leuba, kapena HMT, a nkhope zowala zofiira ndi zobiriwira zimene eni mainawo sanapange ndi kale lonse. M'kati muli makina otopa, otoleredwa ku mawotchi akufa atatu kapena anai. Chikome-kome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wina adzati zimenezo zigwera mbuli zokha. Imvani tsono. Mu November 2021, ku Geneva, pa malonda opikisana mtengo a kampani ya Phillips, wotchi ya Omega Speedmaster yoyesedwa ya mu 1957 inagulidwa ndi ndalama za ku Switzerland zoposa 3 miliyoni, ndipo wogula anali kampani ya Omega yomwe, yofuna kuiika m'nyumba yache yosungira zakale. Mu 2023 a Omega analengeza kuti wotchiyo inali yolumikiza ziwalo za mawotchi osiyana, nanena kuti atatu mwa anchito ao akale anali m'chiwembucho. Ngati eni dzina ananyengeka ndi dzina lao lomwe, ali ndi mabuku onse a fakitale m'manja, nanga mnyamata wa kwa Malemia wogula pa chithunzi cha pa WhatsApp adzaima pati?

Pali mau ena a aphunzitsiwo amene tiwabvomereza ndi mtima wonse, ndipo tifuna owerenga athu awasunge, chifukwa atsutsana ndi chizolowezi chathu. Ife mlendo akamadza tizira nyumba, titsuka mbale ndi mchenga. Chinthu chakale tiyesa kuti chikoma pochiyeretsa. Pa wotchi nzosiyana. Nkhope imene yachita chikasu ndi zaka iposa mtengo nkhope yopakidwa utoto watsopano. Chigoba cha zipsera zache chiposa chimene chakhulidwa mpaka ngondya zache zafafanizika. Wokhula wotchi ya atate wache ndi phulusa kuti iwale wachotsa ndi dzanja lache gawo lalikulu la mtengo wache. Wotchi imene yagona zaka 30 isakungidwe msanga, pakuti mafuta ache anauma, ndipo timagudumu tidzadyana touma. Iyambe yapita kwa mmisiri. Isagonenso pamwamba pa wailesi kapena pafupi ndi sipika, chifukwa maginito agwira kawaya kaja, wotchi niyamba kuthamanga.

Chenjezo lina ndi la moyo. Kufikira zaka za m'ma 1960 manambala ndi mivi yowala usiku zinali kupakidwa utoto wa radium. Kuwalako kunazima kale, koma ululu wache sunathe, pakuti radium itaya theka la mphamvu yache pa zaka 1,600. Akazi amene anali kupaka utotowo ku New Jersey, nasongola burashi ndi milomo, anadwala nsagwada nafa ambiri, ndipo mlandu wao unamveka mu 1928. Wotchi yotere yotsekedwa bwino siopsa kwambiri. Choopsa ndi kuitsegula, kupala nkhope yache, ndi kupuma pfumbilo, kapena kuipatsa mwana aseweretse galasi litasweka.

Nanga munthu wa ndalama zochepa, amene akonda zinthuzi moona, ayang'ane ziti? Kuweruza kwathu ndi uku, kuti mwa mawotchi onse ofika m'dziko muno Seiko 5, imene inayamba mu 1963, ndiyo inachita bwino koposa chimene inalonjeza. Idzikunga yokha, isonyeza tsiku, ipirira thukuta ndi njinga, ndipo zipangizo zache zipezeka chifukwa inapangidwa yochuluka. Ilinso ndi ubwino wina, kuti ibvomera kufunsidwa. Kumbuyo kwache kuli nambala imene chilembo chache choyamba ndicho chotsiriza cha chaka, chachiwiri ndicho mwezi, 1 kufikira 9, ndi O, N, D pa miyezi itatu yotsiriza. Ndipo nambala ya makina yolembedwa kumbuyoko iyenera kufanana ndi timanambala tating'ono ta m'munsi mwa nkhope. Zikasiyana, wotchiyo njolumikiza. Roamer ya ku Solothurn tiiyamikanso, pakuti eni ache anali kupanga makina ao-ao, olembedwa MST, ndipo dzina lache silinakwere mtengo mopenga. Omega ya zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ya makina a maonekedwe a mkuwa, ndi nchito yokongola ndithu, ndipo nambala ya pa makinawo inena chaka. Koma imeneyo ifuna thumba lolemera. Za mawotchi a nkhondo tinene pang'ono chabe. Mu 1945 makampani 12 anapangira asilikari a Britain mawotchi a nkhope yakuda, olembedwa W.W.W. kumbuyo pamodzi ndi chizindikiro cha mubvi, ndipo osonkhanitsa awafuna kwambiri. Asilikari athu anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw. Koma mawotchiwo anafika nkhondo irikutha, ndipo sanapatsidwe kwa msilikari ali yense. Wogulitsa akati, "Iyi agogo anabwera nayo ku Burma," mumfunse bwino-bwino.

Tsopano tiwerenge masamu a makwererowo, monga ayenera kuwerengedwa kuno, osati ku London. Wophunzitsa wa pa lamya akhala m'mudzi mmene ogula ali zikwi, mmisiri ali pa mseu wachiwiri, ndi mtokoma ufika mawa. Kuno wogula Roamer pa mtengo wabwino ali kunja kwa dziko; kuti imfikire pafunika mtengo wa mtokoma, gawo la eni msika wa pa intaneti, ndi njira yolandirira ndalamazo, ndipo wogulayo akati wotchi yafika yosayenda, katundu ndi ndalama zonse ziri m'manja mwache. Kachitsulo kakathyoka, kena kagulidwa ndi madola, amene ngakhale amalonda akulu awasowa. Ndipo makampani a maina akulu sagulitsa zipangizo zao kwa mmisiri wamba. Amisiri omwewo alikutha. Pa makonde a ku Zomba ndi ku Limbe mupezabe munthu wa kabokosi ka galasi, koma nchito ya ambiri tsopano ndi kusintha batire ndi lamba. Wodziwa kumasula makina onse, kuwatsuka, ndi kudontheza mafuta pa kamwala kali konse, ndi wokalamba, ndipo ana ache akonza lamya. Onjezanipo chinyezi cha phiri lathu kuyambira December kufikira March, chimene chilowa m'chigoba chiri chonse chotha mphira ndi kubala dzimbiri. Tiyerekeze kuti munthu wagula wotchi ndi K100,000, naikonzetsa ndi K40,000, naigulitsa itatha miyezi isanu ndi umodzi ndi K170,000. Iye ati wapindula K30,000; koma ngati m'miyezi imeneyo mitengo ya chimanga ndi feteleza yakwera, kapena mpambawo unali wa katapila, phindulo latha asanaligwire. Ndipo asayese kuti mitengo ya mawotchi ikwera masiku onse: ngakhale ku Ulaya inakwera kopambana kufikira kuchiyambi kwa 2022, nitsika zaka ziwiri zotsatira, ndipo ambiri ogula pamwamba anatsala ndi katundu m'manja. Kumeneko anali anthu okhala ndi potsamira. Mphunzitsi wa ana asanu alibe.

Pali njira imodzi yokha imene makwererowo akhoza kuimirira kuno, ndipo ndiyo imene aphunzitsiwo saitchula ndi dzina lache. Iwo ati, "Funani pamene eni ache sadziwa mtengo." Kumeneko mauwa atanthauza misika ya zakale, kuno atanthauza khomo la mai wamasiye. Phindu lalikulu pa malonda awa lichokera pa kusiyana kwa chimene wogula adziwa ndi chimene wogulitsa sadziwa. Ndipo wosadziwayo ndi gogo wa m'mwezi wa February, nkhokwe iri gwa, amene apatsidwa mtengo wa ndowa ya chimanga pa Omega ya malemu amuna ache, nathokoza. Wina adzati malonda ndi malonda, wogulitsa anabvomera. Inde anabvomera, koma tifunse ngati wogulayo angathe kubwerera pakhomopo ndi kunena mtengo umene anaigulitsa. Pali mlandu winanso. Wotchi ya munthu wakufa ndi chuma cha masiye, ndipo mdzukulu amene aitulutsa m'bokosi usiku sindiye mwini wache. Pa mwambo wathu kuno chinthu chotere sichichoka popanda mwini mbumba kudziwa. Ndipo lamulo la Boma la mu 2011 la chuma cha masiye liika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, nililanga wolanda. Wogula kwa mdzukulu wotere wagula mlandu pamodzi ndi wotchi.

Tichenjezenso za golidi, chifukwa pamenepa mpamene mabanja alira kawiri. Wotchi yachikasu siiri yonse ya golidi. Yambiri njokutidwa chabe, ndipo ikadyeka m'ngondya chitsulo china chioneka. Ya golidi weni-weni iri ndi chizindikiro m'kati mwa chivundikiro: 375 ndiko kuti magawo 375 pa 1,000, ndipo 750 ndiko magawo atatu pa anai. Banja lisanalole kanthu, litsegulitse chivundikirocho kwa mmisiri wina amene sali wogula, liwerenge lokha. Alipo ogula amene safuna wotchi konse, koma chigoba, kuti achisungunule. Makina a zaka 60 awataya kudzala. Ife tikaganiza kuti golidi wochuluka wa dziko lapansi m'zaka zimenezo anatuluka m'migodi ya Witwatersrand, imene inayamba mu 1886, ndi kuti ena mwa omkumba anali amuna a m'chigwa chino, amene anabwera ndi chifuwa cha pfumbi ndi wotchi yokutidwa chabe, mtima utiwawa.

Chatsala ndi chinthu chachitatu chija, mbiri, chimene chiphunzitso cha makwerero chiyesa chopanda pache pokha-pokha mwini wache akakhala wochuka. Wotchi ya Paul Newman sinakwere chifukwa cha makina. Zinzache za mtundu womwewo zigulidwa ndi kagawo kochepa ka mtengo umenewo. Inakwera chifukwa kunadziwika amene anaivala, ndi kuti inali mphatso ya mkazi wache Joanne Woodward, amene anazokotetsa kumbuyo kwache mau omchenjeza kuyendetsa galimoto mosamala. Roamer ya m'bokosi la kwanu siidzafika pa madola amenewo, ndipo tikananena kuti idzafika tikanakunamizani. Koma mbiri iri nayo, yoposa ya munthu wa kanema kulemera kwache, ndipo mbiriyo siilembedwa pa chigoba; iri m'mutu mwa nkhalamba. Tsiku limene wotchiyo ipita kwa wogula wa ku Ulaya isanduka Roamer imodzi mwa zikwi, ya mtengo wa nsapato. Wosonkhanitsa wa ndalama zochepa kuno akhoza kuchita nchito imene wa ku Geneva sangathe: kukhala pa mphasa ndi mwini wotchi, kumfunsa mgodi umene anagwira, chaka chimene anapita, nambala yache ya Wenela, sitolo imene anaigula ndi malipiro a miyezi ingati, ndi kulemba zonsezo pa pepala limodzi loikidwa m'chitini chouma pamodzi ndi wotchiyo. Amene anatsika ndi ulendo wotsiriza wa TEBA mu 1988 ali mnyamata wa zaka 25, lero wapitirira zaka 60. Ndipo a nthawi ya ndege ya ku Francistown atsala owerengeka m'mudzi uli wonse.